Mabotolo Amene Apongozi Anatsuka

Apongozi anga amasesa ndi kukolopa pasukulu ya pulayimale imene ili kuseri kwa nyumba yathu. Chaka chino akwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ali pomwepo. Ana asukulu amawatchula kuti Mayi Sopo, ndipo iwo sakwiya nalo dzinali. Amati bola Mayi Sopo kusiyana ndi Mayi Litsiro.

Ine ndinakwatiwa ndi mwana wawo wachiwiri, amene amawotcherera zitsulo kumsika, ndipo timakhala nawo limodzi. Tsiku langa loyamba kutsuka mbale pakhomopa ndinatsuka bwinobwino, n'kuziyanika. Iwo anabwera, ananyamula mbale imodzi, anaikhutiza chala mpaka inalira kuti kwii. Anatenga ina, sinalire, ndipo anaibwezera m'madzi. Sanandinyoze ayi. Anangoti, "Mbale yoyera imayankhula." Ndinachita manyazi mpaka madzulo, koma kuyambira tsiku limenelo mbale zanga zimayankhula.

Kusukulu sanapiteko. Anali woyamba kubadwa pa ana asanu ndi atatu, mayi awo anali odwaladwala, ndiye anzawo akamapita kukaphunzira iwo ankakhala akuchapa matewera a azing'ono awo. Atasinkhuka anakalowa ntchito ya m'nyumba kwa namwino wina, amene anawaphunzitsa kuwiritsa nsanza ndi kutsuka ngakhale kunsi kwa ndowa. Amuna awo anali oyendetsa lole. Anamwalira ana onse atatu adakali aang'ono, ndipo m'pamene apongozi anapeza ntchito ya pasukulupa. Kuti sawerenga aliyense amadziwa, iwonso sabisa. Akafunika kusayina amadinda chala. Zitseko za makalasi amazidziwa ndi mmene zimalirira pozitsegula, osati ndi zolembedwa pamwamba pake.

Chaka chatha boma linasankha sukulu zingapo zoti lizipatse ndalama ndi zida zophunzitsira sayansi, ndipo yathuyi inali m'gulumo. Chipinda chimene ankasungiramo madesiki othyoka anachikonza. Anaikamo matebulo aatali, mashelefu, mpopi ndi sinki. Kenako galimoto inabweretsa makatoni a mabotolo agalasi, masikelo, ndi maikulosikopu awiri, tija toonera tinthu tosaoneka ndi maso. Anatumizanso mphunzitsi watsopano, bambo wamtali wowonda, amene ana anamupatsa dzina loti a Chifukwa, poti ukangomuyankha amafunsa kuti, "Chifukwa chiyani?" Koma boma linanenetsa chinthu chimodzi. Pakatha teremu kudzabwera oyendera, ndipo sukulu imene adzapeze kuti zidazo zikungokhala, adzazichotsa n'kukapatsa sukulu ina.

Teremu yonseyo apongozi m'chipindamo sanalowemo. A Chifukwa ankasesa okha ndi ana awo, n'kukiya. Apongozi zinkawawawa. Ankasuzumira pazenera n'kubwera kunyumba akupukusa mutu.

"Amake mwana, muli fungo m'menemuja. Fungo la chinthu chakufa. Ndipo boma laikamo galasi lokhalokha."

Kalata itabwera yoti oyendera afika Lachisanu, ahedi anawaitana apongozi Loweruka m'mawa n'kuwapatsa kiyi wa chipindacho. Anati, "Mayi, alendo akubwera. Ndikufuna m'menemo muwale ngati m'chipatala." Ahedi sanawauze a Chifukwa, poti aphunzitsiwo anali atapita kukaona mkazi wawo amene amaphunzitsa kutali.

Ine ndinafika chakumasana, mwana ali kumsana, nditawatengera tiyi m'fulasiki. Ndinapeza mazenera onse ali pululu, pansi pakuwala, mabotolo makumi anayi ali mondondozana pathebulo, ovundikiridwa kuti aume. Apongozi anali thukuta lokhalokha koma nkhope ili yosangalala.

"Mukanaona zimene ndatulutsa m'menemu! Buledi wa chuku, waubweya ngati mphaka. Misomali ya dzimbiri ili m'madzi. Nyemba zomera m'thonje, ngati munda unasowa. Madzi obiriwira a ndere. Munthu wophunzira, wovala tayi, kusunga zinthu zotere!"

"Mwazitaya kuti, amayi?"

"Kudzala. Ndathirakonso phulusa."

Mundowa imene anatsukiramo munkayandama timapepala tonyowa timene tinamatuka pamabotolo. Ndinatola kamodzi. Inki inali itasungunuka koma ndinatha kuwerenga: Gulu lachitatu, osataya. Ndinakapinda kapepalako m'dzanja. Munthu wagwira ntchito kuyambira m'mawa, akumwa tiyi wake mokondwa, uyambira pati? Ndinadzawauza tili panjira, titatsala pang'ono kufika kunyumba.

"Osataya chiyani? Zowola?" anandifunsa.

"Mwina ndi zophunzirira, amayi."

"Mwana wa munthu angaphunzire chiyani kwa buledi wowola?"

Anatero, koma tsiku lonse la Lamlungu sanakhazikike. Anachapa makatani amene anali atachapa kale sabata yomweyo.

Lolemba ndinawaperekeza, ndikunamizira kuti ndikufuna kuwathandiza kunyamula ndowa. Tinali tikukolopa pakhonde pamene a Chifukwa anatsegula chipinda chawo. Analowa. Kenako anatuluka atanyamula botolo limodzi lopanda kanthu.

"Mayi, ndinu mwalowa m'menemu?"

"Ndine, aphunzitsi. Ahedi anandipatsa kiyi."

"Zimene zinali m'mabotolomu zili kuti?"

"Kudzala."

A Chifukwa anakhala pansi pamasitepe, tayi ndi zonse. Sanakalipe. Anafotokoza ngati akuuza mwana, kuti zinthuzo anaziika ana a kalasi yachisanu ndi chiwiri masabata atatu apitawo, kuti tsiku lililonse ankaziyang'ana n'kujambula m'makope mmene zasinthira, ndipo ndi zimenezo zimene oyendera ankayenera kudzaona.

"Ndinalemba pa botolo lililonse. Ndinalembanso pachitseko m'katimu, ndi zilembo zikuluzikulu."

Alonda a pageti, bambo achikulire amene ntchito anayamba chaka chimodzi ndi apongozi, anali atasendera pafupi. Anati, "Aphunzitsi, mayi awa pepala amalidziwa poyatsira moto basi. Mukanajambula chigaza cha munthu wakufa, mwina akanaopa."

"Inu khalani chete," anatero apongozi. "Geti lanu lija mwalisiyira ndani?"

"Ndikungothandiza, mlongo. Safunsa anadya phula."

Ahedi atamva anabwera akuthamanga, mimba ili patsogolo. Anayang'ana mashelefu opanda kanthu, n'kuyang'ana apongozi.

"Ndinati mukolope, sindinati mutaye katundu wa boma!"

"Munati muwale ngati m'chipatala, bwana. Kuchipatala sasunga zowola."

"Musandiyankhe. Mverani bwino, mayi. Alendo akabwera Lachisanu n'kupeza mulibe kanthu, atenga zida zonsezi. Akatenga chifukwa cha inu, ine ndidzawauza chiyani makolo? Kiyi mudzasiya pathebulo panga, tsache lomwe, mukapumule kunyumba. Alipo ambiri ofuna ntchitoyi."

Apongozi sanalire. Anatola chikolopa chawo n'kumaliza khonde mpaka kumapeto. Koma ine amene ndimagona nawo nyumba imodzi ndinadziwa chimene mawu aja anachita. Munthu uyu sadziwa kukhala. Pa holide amadwala mutu, sukulu ikatsegulira amachira. Ndipo pa msinkhu wawo, wopanda pepala lililonse, akanakalembedwa ntchito kuti?

Madzulo bambo a mwana atamva nkhaniyi anayamba aseka, mpaka ndinawaponda phazi. Kenako anati, "Dzimbiri ndiye lisakuvuteni, amayi. Kushedi kwanga kuli lodzaza wilibala."

Apongozi anaimva nkhaniyo. Lachiwiri m'mamawa ananyamula beseni lovundikira ndi nsalu, ine pambuyo. Munali misomali yofiira ya kushedi kuja, buledi wa chuku amene anakapempha kwa mayi wogulitsa tiyi, ndi chitini cha madzi obiriwira a m'ngalande. Anatula zonsezo pamaso pa a Chifukwa, nkhope atayang'ana kumbali.

"Nazi zinyalala zanu, aphunzitsi. Ndabweza."

A Chifukwa anatenga msomali umodzi. Unali wodyeka mpaka kuonda ngati singano. Anamwetulira pang'ono koma anapukusa mutu.

"Mwavutika, mayi, koma sizingatheke. Msomali uwu wachita dzimbiri zaka khumi. Mlendo akafunsa mwana kuti munauika liti m'madzi, mwanayo ayankha chiyani? Ndiye kuti ndamuphunzitsa kunama."

"Dzimbiri ndi dzimbiri."

"Dzimbiri lathu ndi limene taliona likubwera. Tikanayambiranso, koma nthawi palibe. Misomali ija inatenga sabata kuti ioneke bwino. Buledi masiku khumi. Nyemba zinavuta."

Apongozi anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Masiku khumi? Buledi? Munamuika pati?"

"Pazenera apo."

"Pazenera! Pamphepo ndi padzuwa? Mwanangu, pamenepo ndi pamene ine ndimaika chinthu chimene sindikufuna kuti chiwole."

Anapita pa sinki, anagwada, n'kutsegula kachitseko ka pansi pake. Anati umu, m'mdima, motentha, momwe paipi imadontha, ndi mmene chuku chimakonda. Buledi akhale wogona kale, umuwaze timadzi pang'ono, umukulunge m'pulasitiki, masiku atatu wayamba mawanga. Msomali watsopano uyambe waukwecha ndi mchenga kuti mafuta achoke, uunyowetse ndi madzi amchere, koma usaumize wonse, theka likhale pamtunda. Akafuna zachangu atenge waya wotsukira mapoto, amene ukangomusiya wonyowa madzulo, m'mawa wafiira. Nyemba uziviike tsiku limodzi, kenako uzikulunge m'nsanza yonyowa. Ndipo ngati akufuna tizilombo ta m'madzi, kuseri kwa zimbudzi za anyamata kuli tayala lakale lodikha madzi limene akhala akuuza ahedi kuti alichotse kuyambira chaka chatha.

A Chifukwa anali atatulutsa cholembera.

"Chifukwa chiyani theka likhale pamtunda?"

"Ndidziwa bwanji ine? Aphunzitsi ndinu. Ine ndimangoona kuti ndowa imabooka pamene madzi amalekezera, osati pansi penipeni."

"Nanga mchere, chifukwa chiyani?"

"Iii, koma dzina lija anakupatsani loona."

Tsiku lomwelo a Chifukwa anaitana kalasi yonse. Anawauza zoona, kuti zinthu zawo zinatayidwa molakwitsa. Ana anadandaula, ena mpaka kung'ung'udza poyera, ndipo apongozi anali chiimire pakhomo akumva zonse. Kenako a Chifukwa anati ayambiranso, koma ulendo uno funso ndi lina: kodi zinthu zimasintha msanga pati? Gulu lililonse liike mabotolo awiri, lina pazenera, lina pansi pa sinki. Misomali ina m'madzi amchere, ina m'madzi wamba. Anati, "Mayi awa akuti pansi pa sinki ndi pamene papambane. Ife sitikhulupirira munthu chifukwa choti ndi wamkulu. Tiona tokha."

"Muona," anatero apongozi.

Chimene chinawavuta kwambiri apongozi ndi buledi. A Chifukwa anafuna kuti kagawo kena akakhutize pachogwirira cha chitseko chimene ana amagwira kwambiri, ndipo anafunsa apongozi kuti ndi chiti. Iwo anachidziwa, cha kalasi yoyamba. Koma ataona mwana akupaka buledi pamenepo anatseka maso.

"Chakudya chimenecho, Mulungu akuona."

Masiku atatu amenewo pakhomo pathu panalibe nkhani ina. Apongozi ankadzuka kusanache bwino, kuthamangira kusukulu, kugwada pa sinki n'kusuzumira. Lachitatu waya uja anali atafiira, misomali ya m'mchere itayamba mawanga, ya pazenera idakali kuwala. Anabwera kunyumba akuyenda ngati mtsikana. Lachinayi nyemba za m'nsanza zinatulutsa timizu toyera. Koma buledi anali buledi basi, woyera, wofewa, ngati wangochoka kumene kubekale.

"Buledi wa masiku ano alibe khalidwe," anadandaula madzulo ake. "Amamuthira mankhwala. Wa kale ukangomutembenukira msana wawola."

Bambo a mwana anati, "Amayi, moyo wanga wonse sindinaganizepo kuti ndidzakuonani mukupempherera chuku."

"Udye ukagone. Ukanalimbikira sukulu bwenzi ukundithandiza kuganiza."

Lachisanu m'mawa alonda anatilonjera pageti ndi mawu okweza. "Mlongo, odwala anu agona bwanji?" Apongozi anangodutsa, kulunjika kuchipinda cha sayansi. Anatsegula kachitseko ka pansi pa sinki, anatulutsa pulasitiki imodzi n'kupita nayo powala. Pakona pa buledi panali timadontho titatu totuwa, tochepa ngati mitu ya machesi. Pa wina uja wa pachitseko panali kabala kobiriwira. Anapumira m'mwamba, n'kubwezera mosamala ngati akugoneka khanda.

Oyendera anafika cha m'ma teni. Anali awiri, mayi wa magalasi ndi bambo wonyamula mafomu. Ine ndinaima panja pafupi ndi zenera, mwana akuyamwa, poti kulowa sindikanatha. Apongozi anaima pakhomo ndi chikolopa m'manja.

Bambo uja anawerenga zida n'kumachonga. Mayi uja anapita kwa ana. Anawauza kuti amuonetse mmene amagwiritsira ntchito maikulosikopu, ndipo iwo anadonthetsa madzi a m'tayala muja pa kagalasi, n'kumuonetsa. Anafunsa za misomali, ana anayankha. Kenako anatenga kope la mtsikana wina n'kuyamba kutsegula tsamba ndi tsamba. Anatenga lachiwiri. Anatenga lachitatu.

"Aphunzitsi, makope onsewa akuonetsa ntchito imene inafika tsiku la khumi ndi chisanu ndi chitatu, kenako yangoduka. Ina yayamba Lachiwiri lapitali, titatumiza kale kalata yoti tikubwera. Mabotolo oyamba aja ali kuti? Kapena ana anangokopera zithunzi za m'buku?"

Ahedi anatsokomola. "Panachitika kangozi kakang'ono, bwana, kamene ofesi yanga ikukasamalira."

"Ngozi yanji?"

Apongozi anatsamiritsa chikolopa kukhoma n'kulowa.

"Ngoziyo ndine, bwana. Ndinataya ndine, ndinatsuka ndine. Anali makumi anayi, onse odzaza. Ana awa sananame. Ngati mukufuna kuona, kudzala kuja zilipo, koma ndinathirako phulusa."

"Simunaone kuti alembapo?"

"Ndinaona kuti alembapo. Sindiwerenga."

Mayi uja anawayang'ana kanthawi pamwamba pa magalasi. Kenako anatembenukira kwa ana n'kufunsa kuti ndani anaganiza zoika mabotolo pansi pa sinki. Kalasi yonse inayankha pamodzi kuti, "Mayi Sopo!" Bambo wa mafomu anaseka mpaka cholembera chinagwa. Mayi uja sanaseke. Anagwada yekha, ndi siketi yake yabwino, n'kusuzumira m'kabatimo. Anatulutsa botolo la m'mchere, analiika pafupi ndi la pazenera, n'kufunsa ana chifukwa chake akusiyana. Manja anakwera ambiri. Wina anati mchere, wina anati chinyezi, wina anati mpweya, ndipo anayamba kutsutsana okhaokha mpaka a Chifukwa anawaletsa. Mayi uja analemba nthawi yaitali. Pochoka sananene kuti zida zikhala kapena zichoka. Anangoti yankho libwera pa kalata.

Kalatayo inatenga masabata awiri. Apongozi ankapita kuntchito monga mwa masiku onse, koma kiyi uja ankayenda naye m'dzanja, osati pachingwe cha m'khosi pomwe amamangirira makiyi ena. Chakudya ankangonyomola. Ahedi akadutsa sankalonjerana. Ine ndinayamba kuganiza zoti mwina tingayambe kuchapira anthu zovala pakhomo, kuti apongozi adzakhale ndi chochita, koma sindinayerekeze kuwauza.

Lolemba lina mwana wasukulu anabwera kudzati ahedi akuwaitana. Tinali kuseri kwa ofesi, ine ndikuwathandiza kukamula makatani. Anapukuta manja, anakonza mpango kumutu, n'kulowa. Chitseko anasiya chosatseka. Ndinaona akuika kiyi pathebulo ahedi asanayankhule n'komwe.

Ahedi anali ndi pepala m'manja. Anawerenga mokweza, mothamanga. Zida zikhala. Sukulu ilandiranso thandizo chaka chamawa. Oyendera anadandaula kuti makatoni awiri anali asanatsegulidwe, komanso analamula kuti tayala la kuseri kwa zimbudzi lichotsedwe msanga. Za apongozi m'kalatamo munalibe liwu ndi limodzi lomwe.

Ahedi anapinda pepalalo, n'kuyang'ana kiyi uja.

"Nanga uyu mwandiikira chiyani apa?"

"Munati ndidzasiye, bwana."

"Ndinati akatenga zida. Atenga? Chotsani, mukundidetsera pathebulo. Koma m'chipinda muja musakhudze kanthu musanafunse."

Sanapepese, iwonso apongozi sanathokoze. Anatola kiyi, anamumangirira pachingwe cha m'khosi, n'kutuluka. Sanandiyang'ane. Anangonyamula ndowa n'kulunjika kuchipinda cha sayansi, ine pambuyo.

Tinapeza a Chifukwa akukonzekera phunziro la kalasi yachisanu ndi chimodzi. Pathebulo panali mbale ya makoko a nthochi akuda bii, ntchentche zikuzungulira. Pambali pake panali kapu ya tiyi wosamaliza, wochita kale kakhungu pamwamba. Apongozi anaima, manja kumbuyo kuti asagwire kanthu.

"Aphunzitsi, ndifunse. Apa zonyansa za boma ndi ziti, zanu ndi ziti?"

A Chifukwa analoza mbale ya makoko. "Izi ndi za boma, mayi."

"Nanga kapuyi?"

"Imeneyo ndi yanga. Ndinaiwala Lachisanu."

"Bweretsani kuno."